Ulemu kwa a Kompayila, Akatswiri a Kukana

Otamandidwa m'dziko muno achuluka kale. Oimba ali ndi mphoto zawo, osewera mpira amanyamulidwa pamapewa, ndipo wandale akangotsegula mjigo umodzi amayi amavina mpaka fumbi kobo. Koma pali wantchito wina amene sagona, salandira malipiro, sapempha alawansi, ndipo tsiku lililonse amatukwanidwa ndi anthu omwewo amene akuwatumikira. Ndikunena a Kompayila, pulogalamu ija imene imawerenga khodi ya munthu isanayambe kugwira ntchito n'kumuuza mosapsatira kuti apa ndi apa mwalakwitsa. Ndikuwatchula mwaulemu chonchi chifukwa munthu wokana zinthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo popanda kutopa ayenera kuti ndi wamkulu ndithu. Pamodzi ndi iwo ndikufuna nditamande ntchito yonyozeka kuposa zonse pa luso la makompyuta, ntchito yotenga pulogalamu yakale yomwe ikuyenda bwinobwino, kuichotsa m'chiyankhulo chololera chilichonse n'kuisamutsira m'chiyankhulo chomwe chimafunsa mtundu wa kanthu kalikonse. Ntchitoyi imadya miyezi. Ikatha, pulogalamu imaoneka mmene inkaonekera, mabatani ali pomwe anali, ndipo bwana akafunsa kuti chasintha n'chiyani, wolemba khodi amangokanda kumutu. Anthu amati kumeneko n'kutaya nthawi. Ine ndikuti ndi kudzichepetsa kwa mtundu umene ngakhale alaliki amangoulalikira osaufikira.

Kuti ulemerero wa a Kompayila uoneke bwino, tiyambe taona dziko limene iwo kulibe. Chiyankhulo cha JavaScript, chomwe chimayendetsa pafupifupi tsamba lililonse la pa intaneti, anachilemba Brendan Eich ku kampani ya Netscape mu 1995, ndipo ntchito yoyambirira anaimaliza m'masiku 10 okha. Chinabadwa ndi mtima wabwino wopyola muyezo. Mukachipatsa 50 yolembedwa ngati mawu n'kuchiuza kuti chiphatikizepo 5, sichifunsa kuti mawu angaphatikizidwe bwanji ndi nambala. Chimangomata ziwirizo n'kukupatsani 505, nkhope ili gwa. Mukati chichotse 5 pa 50 yomweyo, chimasintha maganizo n'kukupatsani 45. Sichikhumudwitsa munthu. Python ndi Ruby n'zokhwimirako, zoterezi zimakana, koma zimakana mochedwa, pamene pulogalamu ili kale pa ntchito ndipo yafika pa mzere wolakwikawo, mwina patatha miyezi 6, wolemba ali ku maliro kumudzi. Ziyankhulo za banja lina, monga Java, Go, Rust ndi TypeScript yomwe Microsoft inatulutsa mu Okotobala 2012 motsogozedwa ndi Anders Hejlsberg, zili ndi khalidwe lina. Chinthu chilichonse mtundu wake uyenera kudziwika pulogalamu isananyamuke: ichi ndi nambala, ichi ndi mawu, ichi ndi tsiku, ichi mwina chilipo mwina palibe. Mukafuna kuika 505 ya mawu ija pamalo pa nambala, a Kompayila amadula mzere wofiira pansi pake, n'kukhala chete kudikira kuti mukonze.

Anthu a ku Luchenza sayenera kuvutika kumvetsa kukula kwa udindo umenewu, chifukwa wofanana ndi a Kompayila akhala naye pafupi kwa zaka zoposa 100. Tawuniyi ili pa njanji yomwe inakwera kuchokera kumunsi kwa Shire n'kufika ku Blantyre mu 1908, ndipo yazunguliridwa ndi minda ya tiyi ya Thyolo ndi Mulanje, ina mwa iyo, monga Satemwa, yoyambira 1923. Pamalo oyezera masamba pamaima munthu amene wothyola aliyense amamuyang'ana ndi diso lofiira. Dengu lisanakwere pa sikelo, iye amapisamo dzanja, kuvundukula, kufunafuna masamba okhwima ndi timitengo pakati pa nsonga zanthete zimene fakitale imafuna, masamba awiri ndi kamphukira kake. Sathyola tsamba ngakhale limodzi, mame a m'mawa samunyowetsa, koma ndi iyeyo amene amati bwererani mukasankhenso. Kumukonda n'kovuta. Koma tamuchotsani pamenepo muone. Masamba okhwima aja alowa m'fakitale, afota, aphwanyidwa, aumitsidwa, asakanikirana ndi a anthu ena mazanamazana, ndipo vuto likadzaonekera ku msika wa tiyi ku Limbe, olawa atalavula n'kutsitsa mtengo, palibe amene angaloze dengu limene linachokera. Cholakwika n'chomwecho, koma pa sikelo chimadya mphindi zochepa za munthu mmodzi, pamene ku Limbe chimadya mtengo wa katundu yense. Mfundo yanga yonse yagona pamenepa. A Kompayila sachepetsa kulakwa kwa munthu, poti munthu ndi wolakwa chibadwire. Iwo amangokokera kulakwako kufupi, pamalo pomwe kuchita manyazi n'kotchipa.

Tiyerekeze tsopano pulogalamu ya malipiro ya esiteti ina iliyonse, yolembedwa zaka zapitazo ndi mnyamata waluso yemwe pano ali ku Joni ndipo foni sayankha. M'kati mwake muli zinthu zambiri zomwe kompyuta imaziona ngati manambala basi. Muli makilogalamu a masamba aawisi ndi makilogalamu a tiyi wouma, zinthu zosiyana kwambiri, popeza pamafunika makilogalamu oposa 4 a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Muli makwacha a malipiro ndi madola a ku msika wa ku Limbe. Muli nambala za foni zolandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, zoyamba ndi 099 kapena 088, zomwe zikangosungidwa ngati nambala yowerengera, ziro wakutsogolo uja amagwa ndipo ndalama sizifika kwa mwini wake. Mnyamata uja ankadziwa zonsezi. Ankadziwa kuti apa pamalowa kwacha, apo dola, ndiponso kuti wantchito wa ganyu alibe nambala ya penshoni. Koma ankazidziwira m'mutu, ndipo mutuwo anakwera nawo basi. Wosamutsa khodi ntchito yake ndi kukhala pansi, fayilo ndi fayilo, kufunsa mzere uliwonse kuti kodi iwe ndiwe chiyani, n'kulemba yankho poyera pomwe aliyense wobwera pambuyo angaliwerenge. Tsiku loyamba kuitana a Kompayila kuti aone pulogalamu yotereyi ndi tsiku la chiweruzo laling'ono. Madandaulo amatuluka mazanamazana, mwinanso zikwi, pa pulogalamu yomwe dzulo lomweli aliyense ankaitama. Ambiri mwa iwo amakhala a nkhani imodzi: mwaganiza kuti chinthu chilipo pomwe chikhoza kusakhalapo. Tony Hoare, yemwe mu 1965 analowetsa m'chiyankhulo cha ALGOL W chizindikiro cha null choimira chinthu chomwe palibe, anadzapepesa poyera mu 2009, n'kunena kuti kulakwitsa kwakeko kunawonongetsa ndalama zokwana madola biliyoni. Munthu anadikira zaka 44 kuti alape. A Kompayila amakulapitsani Lolemba m'mawa, musanamwe n'komwe tiyi.

Wina anganene kuti awa ndi matamando a munthu wotengeka, choncho tibweretse mboni. Mu 2017 ofufuza atatu, Zheng Gao, Christian Bird ndi Earl Barr, anatenga zolakwika 400 zomwe zinali zitapezeka ndi kukonzedwa kale m'mapulogalamu a JavaScript opezeka poyera, n'kufunsa kuti zingati zikanagwidwa mitundu ikanalembedwa. Anapeza kuti pafupifupi 15 pa 100 zilizonse. Onyoza amaseka kuti 15 yokha basi? Wosekayo ayambe wadulidwa 15 pa 100 ya malipiro ake mwezi uno, kenako tidzamve ngati akusekabe. Ndipo zimenezo zinali zolakwika zomwe zinapulumuka kale pa maso a anthu ndi pa mayeso onse. Kampani ya Airbnb itaunika mavuto ake akale, mmodzi mwa mainjiniya ake ananena mu 2019 kuti 38 pa 100 akanapewedwa ndi TypeScript. Kampani ya Dropbox pofika chaka chomwecho inali italemba mitundu pa mizere ya Python pafupifupi 4 miliyoni pogwiritsa ntchito chida cha mypy, ndipo mmodzi mwa ogwira ntchitoyo anali Guido van Rossum, bambo wake weniweni wa Python, amene atakula anayamba kuthandiza kumanga chipata pa nyumba yomwe anaimanga yopanda chitseko. Koma mphoto ya kudzipereka ipite kwa a kampani ya Stripe. Iwo anali naye kale woyendera khodi wawo, dzina lake Flow, wochokera ku Facebook, koma Lamlungu pa 6 Malichi 2022 anasamutsa mizere yoposa 3.7 miliyoni kupita ku TypeScript ulendo umodzi. Anakonzekera kwa miyezi kuti achoke kwa wowakana mmodzi n'kupita kwa wowakana wina. Chikondi chotere pa kudzudzulidwa sichipezekapezeka.

Nkhanizi si za kutsidya kwa nyanja kokha. Mapulogalamu osungira mbiri ya odwala omwe bungwe la Baobab Health linayambitsa ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001, aja ogwira ndi chala pa sikirini, m'kupita kwa zaka anadzamangidwa pa Ruby on Rails ndipo anafalikira m'zipatala zambiri, makamaka kumalo operekera ma ARV. Ntchitoyi itapita m'manja mwa bungwe la EGPAF, mbali yomwe anamwino amaona pa sikirini inalembedwanso mu TypeScript pansi pa dzina loti HIS-Core, pamene mbali ya pa seva inatsala mu Ruby. Odwala sanamve kanthu, ndipo m'pomwe pagona ulemerero wake. Nawo achinyamata amene akuphunzira za makompyuta ku yunivesite ya MUST ku Ndata, m'boma lomweli la Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ambiri amalota zoyambitsa pulogalamu yatsopano yogwedeza dziko. Alote ndithu. Koma ntchito yoyamba imene ambiri adzapatsidwe ndi kulandira khodi ya munthu wina amene anachoka osasiya kalata, ndipo tsiku limenelo adzadziwa kuti bwenzi lenileni ndi uja amene analemba mitundu.

Chidandaulo choyamba cha adani a a Kompayila n'chakuti amachedwetsa ntchito. Izi n'zoona, ndipo sindikufuna kuzibisa, chifukwa m'menemo muli ubwino umene anthu a ku Thyolo ayenera kuuthokoza kuposa wina aliyense. Wolemba khodi akadina batani kuti a Kompayila ayambe kuyendera mizere yake, amakhala ndi mphindi yopanda chochita, yaifupi moti sangayambe ntchito ina, yaitali moti sangangokhala. Amatani? Amaimirira kukateleka madzi. Palibe amene anawerengapo makapu a tiyi amene amwedwa padziko lonse podikira a Kompayila, koma wolima tiyi aliyense wanzeru ayenera kuwaika m'mapemphero ake. N'chifukwa chake nkhani yomwe inamveka mu Malichi 2025 inali yomvetsa chisoni. Hejlsberg analengeza kuti kompayila ya TypeScript ikulembedwanso m'chiyankhulo cha Go kuti izithamanga pafupifupi maulendo 10 kuposa kale, ndipo anaonetsa kuti khodi ya Visual Studio Code, ya mizere pafupifupi 1.5 miliyoni, yomwe inkatenga masekondi 77.8, tsopano ikutenga 7.5. M'masekondi 7.5 ketulo siyamba n'komwe kulira. Alimi a tiyi sanafunsidwe maganizo awo. Komabe taonani kudzichepetsa kwake: a Kompayila eni ake analola kusamutsidwa, fayilo ndi fayilo, kumva ululu womwewo umene amamvetsa ena.

Chidandaulo chachiwiri n'cholemera, ndipo ochinena si anthu wamba. David Heinemeier Hansson, yemwe anapanga Ruby on Rails, anachotsa TypeScript m'pulogalamu yake ya Turbo mu Seputembala 2023, ponena kuti kulemba mitundu kumadetsa khodi ndipo kumachotsa chisangalalo pa ntchito. Ali ndi mfundo. Pali mitundu ina yopiringizika moti kuilemba kumatalika kuposa ntchito yomwe ikufotokozedwa, ndipo pali uthenga wina wa a Kompayila wodzaza sikirini yonse pofuna kungonena kuti mwaiwala kanthu kamodzi. Koma tiyang'ane amene akudandaulayo. Ndi munthu amene khodi yake amaidziwa ngati chikhatho chake, amene analipo pa chiyambi ndipo sakupita kulikonse. Mitundu salembera munthu wotero. Amalembera wobwera mawa, wolembedwa ntchito ya miyezi 6 ndi bungwe lomwe thandizo lake likutha mu Disembala, amene alibe womufunsa. Kwathu kuno, kumene wodziwa makompyuta akangokhwima amatengedwa ndi banki, bungwe lakunja kapena ndege, wobwera mawayo ndiye mwini weniweni wa pulogalamu iliyonse. Nawo opanga pulogalamu ya Svelte, amene chaka chomwecho anasiya kulemba khodi yawo m'mafayilo a TypeScript, mitundu sanaitaye. Anaisamutsira m'ndemanga za JSDoc, zomwe a Kompayila omwewo amaziwerenga n'kupitiriza kukana monga kale. Anawatulutsira pakhomo, iwo n'kulowera pawindo, osasunga mangawa.

Chachitatu ndi chomwe chimanenedwa mokweza kwambiri: a Kompayila sagwira zonse. Pa 4 Juni 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika pasanathe mphindi imodzi itanyamuka ku Kourou, ndipo khodi yake inali mu Ada, chimodzi mwa ziyankhulo zokhwima kwambiri pa nkhani ya mitundu. Khodiyo inatengedwa ku roketi yakale ya Ariane 4, ndipo nambala ina ya liwiro inakula kuposa malo omwe inakonzeredwa, kuchoka pa mabiti 64 kupanikizidwa mu 16. Mu Seputembala 1999 chombo cha Mars Climate Orbiter chinatayika chifukwa pulogalamu ina inkapereka mphamvu ya injini m'miyezo ya mapaundi pamene ina inkayembekezera miyezo ya manyutoni. Kwa kompyuta zonsezo zinali manambala abwinobwino. Kodi a Kompayila anali kuti? Anali pomwepo, akuchita zomwe anauzidwa. Iwo si sing'anga, saombeza. Mukawauza kuti kilogalamu ya masamba aawisi ndi nambala ndipo kilogalamu ya tiyi wouma ndi nambalanso, adzakulolani kuziphatikiza mosangalala. Mukadzivutitsa n'kupatsa chilichonse mtundu wakewake, Kwacha payekha, Dola payekha, sadzalolanso kuti zikhudzane mpaka kalekale. Chimodzimodzinso mitundu ya TypeScript imafufutika pulogalamu ikayamba kuyenda, choncho zochokera kunja, monga zomwe kalaliki walemba pa fomu, muyenera kuziyeza nokha pakhomo. Ena amaona kufooka pamenepa. Ine ndimaonapo wantchito wosowa, wodziwa polekezera udindo wake, amene sanamizira kudziwa zomwe sanauzidwe.

Tsono pali tchimo limodzi limene ngakhale wowatamanda sangalilumphe. A Kompayila a TypeScript amalandira ziphuphu. Pali kamawu ka zilembo zitatu, any, komwe mukakalemba pa chinthu, iwo amayang'ana kumbali n'kuchilola kudutsa chosafunsidwa. Palinso ndemanga ya ts-ignore, yomwe imawatseka pakamwa pa mzere wotsatira. Chida chomwe Airbnb inatulutsa mu 2020 chothandizira kusamuka, ts-migrate, mbali ina ya ntchito yake ndi kumwaza ziphuphu zimenezi paliponse pomwe a Kompayila akanadandaula, kuti pulogalamu idutse kaye lero, kukonza kudzachitike mawa. Ndipo mawa limenelo, monga tikudziwira, limachedwa kufika. Pali mapulogalamu omwe anasamuka mwa dzina lokha, mafayilo atasintha mathero a mayina awo koma m'kati muli any pamzere uliwonse. Komabe ndifunse: ndi mkulu uti wina amene amalandira chiphuphu n'kuchisiya cholembedwa poyera, pa mzere wake, pamodzi ndi mbiri yosonyeza amene anapereka ndi tsiku lake? Aliyense akhoza kufufuza kamawuko n'kuwerenga kuti lero alipo angati, mwezi wamawa atsala angati. Katangale wowerengeka chonchi akanakhala m'maofesi onse, ofufuza za katangale akanamaweruka masana. Ndipo popanda kachitseko kameneka palibe pulogalamu yakale imene ikanasamuka, chifukwa ntchito siingaime miyezi itatu kudikira kuti mzere womaliza ulape. Chifundo chawo n'chimene chimakopa anthu kulowa, kenako wina amayatsa lamulo la strict, chitseko n'kuyamba kutsekeka kumbuyo.

Sindikunena kuti aliyense asamuke. Kapulogalamu ka mizere 50 kowerengera matumba a feteleza, kogwiritsidwa ntchito kamodzi pachaka, kasiyeni kafe ndi ufulu wake. Koma pamene pali ndalama za anthu, mankhwala a anthu, kapena khodi yomwe idzakhalapo wolemba wake atachoka, ntchitoyi iyambire pa fayilo yomwe ikalakwa anthu amadzaza pakhomo la ofesi tsiku la malipiro, kenako ifalikire pang'onopang'ono kwina. Chovuta si luso. Chovuta ndi pepala la bajeti, pomwe wina ayenera kulemba moona mtima kuti kwa miyezi itatu anthu awiri adzalipidwa, intaneti idzagulidwa, jenereta idzamwa mafuta magetsi akathima, ndipo pamapeto pake sipadzakhala batani latsopano, mtundu watsopano wa sikirini, kapena chilichonse choti nduna ingadulire riboni. Padzangokhala mavuto ena omwe sadzachitika, ndipo vuto lomwe silinachitike silijambulika chithunzi choika mu lipoti la kwa opereka thandizo. Bwana amene angawerenge pepala loterolo mpaka pansi n'kusaina ndiye amene ndidzamutamande m'nkhani yotsatira, akapezeka.